Nsomba Zachilendo M'dziwe la Kumtunda

Mkazi wa kalipentala anabwera kuchokera kudziwe atanyamula mono, nkhope itagwa. Anapeza mwamuna wake akupala thabwa pansi pa shedi, pensulo ili pakhutu.

"Bambo, tasiyani kaye thabwalo. Taonani izi."

Anakhuthulira monowo m'beseni. Munagwera nsomba zitatu zotuwa, zazikulu ngati chikhatho cha mwana. Tinsomba ta mzere wofiira, timene ankagwira m'dziwemo chiyambire utsikana wake, munalibe ngakhale kamodzi.

"Izitu ndi za m'damu lathu. Zafika bwanji kudziwe? Zamera miyendo?"

Kalipentala anaseka uku akusasa utuchi m'malaya. "Ndinazipititsa ndine, masabata awiri apitawo. Damu lija ladzaza, nsomba zikungolimbirana madeya, osakula. Ndiye ndinati kusiyana n'kuzitaya, ndikazithire m'dziwe zikakulire komweko. Makumi anayi ndi ziwiri, ndinachita kuwerenga. Si chifundo chimenecho?"

"Chifundotu chinapha nkhwali," anatero mkaziyo. "Mwezi watha mbululu zinali bii m'mphepete monse, lero ndaona zochepa chabe. Ine mtima wanga sukukhazikika. Ndikukaitana alangizi."

Dziwelo linali pambali pa kamtsinje, kumtunda kwa mathithi. M'chilimwe mchenga unkalilekanitsa ndi kamtsinjeko, koma mvula ikagwa madzi ankasefukira, dziwe ndi mtsinje n'kukhala chimodzi. Ndipo sabata imeneyo mitambo inali itayamba kale kuunjikana.

M'mawa mwake mayi mlangizi wa za nsomba anafika pa njinga. Atamva nkhaniyo sanakalipe. Anapempha kuti apite onse kudziwe. Kumeneko anavula nsapato, analowa m'madzi ndi kaukonde kam'manja, ndipo patapita nthawi ndithu anavuula kansomba kamodzi ka mzere wofiira. Anakaika m'botolo la madzi n'kupatsa kalipentala galasi lokulitsa zinthu.

"Tayang'anani pakamwa pake, bambo. Mukuona chiyani?"

"Kamwa layang'ana pansi."

"N'chifukwa choti kamadya ndere za pamiyala. Nanga tinsomba ta kumunsi kwa mathithi, mayi, timaoneka chonchi?"

"Ayi," anayankha mkazi wa kalipentala. "Timafanana ndithu, koma ta kumunsi tilibe mzere, ndipo kamwa lake n'losongoka."

"Mwaonatu bwino. Kalekale makolo a tinsomba timeneti anali amodzi. Koma nsomba siingakwere mathithi aja. Ta kumtunda tinatsala patokha, ndipo m'zaka zambirimbiri tinasintha pang'onopang'ono kuti tigwirizane ndi madzi ozizira ndi miyala ya kuno. Anzathu ofufuza amawerenga mamba ndi minga ya pa zipsepse kuti asiyanitse mitundu. Mtundu uwu sanaupezebe kwina kulikonse."

Kalipentala anakanda kumutu. "Komatu, mayi, nsomba ndi nsomba. Zonse n'za m'madzi."

"Chabwino. Kwa inenso thabwa ndi thabwa. Mundikhomere chitseko ndi mtengo wa papaya."

"Aaa, mayi! Papaya ndi mtengo ngati?"

"Suli ndi masamba? Suli ndi mizu?"

Mkazi wa kalipentala anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwamuna wake anamwetulira mwamanyazi.

Kenako mlangizi anafotokoza modekha. Nsomba za m'damu la kalipentala zinachokera kutali, ndipo anthu amazikonda chifukwa zimakula msanga. Koma zimadyanso kwambiri n'kuswana msanga. Zikalowa mumtsinje zimadya mazira ndi ana a nsomba za komweko, ndi mbululu zomwe. Mbululu zikatha, achule amatha, ndipo tizilombo timene achulewo ankadya timachuluka m'madimba.

"Lero zili m'dziwe, tingathe kuzichotsa," anatero mlangiziyo, akuyang'ana kumwamba. "Mvula ikaphwasula mchenga uwu, palibe ukonde umene ungazibwezenso."

Kalipentala anayang'ana mkazi wake, amene anali atagwira botolo lija ndi manja awiri.

"Mayi anga ankatchera mono pomwe pano," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Ndiye tinsombati tithere m'manja mwanga?"

"Sititha," anatero kalipentala. "Ndazithira ndine, ndizichotsa ndine."

Anathamanga kukaitana mlamu wake ndi anansi awiri. Anabwera ndi ndowa ndi mabeseni, n'kuyamba kukapa madzi. Ndowa iliyonse ankaithira pa nsalu yoyalidwa pa dengu, kuti kanthu kamoyo kasatayike. Mlangizi ndi mkazi wa kalipentala ankasankha. Tinsomba ta mzere ndi mbululu ankaziika m'mabeseni a madzi pamthunzi, ndipo nsomba zachilendo ankaziponya m'ndowa yapadera.

"Alamu," anatero mlamu uja, matope ali mpaka m'chiuno, "ulendo wina mukagwidwa ndi chifundo, muzidzandipatsa ine nsombazo. M'mimba mwangamu mulibe mbululu."

Dzuwa litapendeka, madzi anatsala a m'kakolo. Kalipentala anawerenga nsomba za m'ndowa, n'kuwonjezerapo zitatu za mumono zija. Zinakwana makumi anayi ndi imodzi.

"Basi, yatsalayo inadyedwa ndi mbalame," anatero mlamu wake. Kumwamba kunagunda, ndipo anansi anayamba kutola ndowa zawo.

"Mwina," anayankha kalipentala. "Koma mpando wa miyendo itatu ine sindiupereka kwa mwini wake. Bwanji ngati ili ya mazira?"

Anagwada m'matope n'kuyamba kupapasa ndi manja, kuchokera mbali ina kupita mbali ina, ngati mmene amafufuzira msomali wobisika m'thabwa. Madontho oyamba anayamba kugwa pamsana pake. Pansi pa muzu wa mtengo anamva chinthu chikuphiriphitha. Anachigwira zolimba n'kuchitukula m'mwamba.

"Makumi anayi ndi ziwiri!"

Anabwezera mbululu ndi tinsomba ta mzere m'madzi otsalawo, n'kuthamangira kunyumba mvula ikuwamenya. Pofika mawa lake, mchenga uja unali utakokoloka, madzi a dziwe ndi a mtsinje atakumana.

Sabata yomweyo kalipentala anakhoma kafelemu ka matabwa n'kukungapo sefa wa mabowo aang'ono. Anakaika potulukira madzi a damu lake, kuti nsomba zisathawe damu likasefukira. Anakhomeranso anansi onse amene anali ndi madamu. Nsomba zikachuluka, tsopano amazivuula n'kudya, zina kuyanika, zina kugawira abale.

Mvula itatha, mkazi wake anatcheranso mono. Anabwera akumwetulira, m'beseni muli timizere tofiira tikung'anima. Anali atatengako tochepa, tina n'kubwezera m'madzi. Kumbuyo kwake, m'mphepete mwa dziwe, tiachule tating'ono tinkadumpha m'udzu.

Pa msonkhano wa alimi a nsomba, mlangizi anapempha kalipentala kuti alankhule. Iye anaimirira, anachotsa pensulo pakhutu, n'kunena kuti: "Anzanga, mtsinje uliwonse uli ndi eni ake. Musathire nsomba za m'damu mumtsinje kapena m'dziwe, ngakhale mutazimvera chisoni chotani. Ikani sefa potulukira madzi, ndipo mukakayikira funsani alangizi. Ine kuthira kunanditengera kanthawi kochepa, kuchotsa kunatitengera tsiku lathunthu. Mvula ikanatiyambirira, sitikanachotsa mpaka kalekale."