Kuseri kwa Phiko

Patapita masiku anayi chiikireni maliro a amayi, ana awo awiri anawapeza bambo awo m'shedi, ataima pafupi ndi phiko la ndege, singano ili m'manja.

Phikolo linali litaimikidwa chammbali pamitengo iwiri, lokutidwa nsalu yoyera, losokedwa theka. Ndege yake, imene banja lonse linkaitcha Tombolombo, inali pakona ndi phiko limodzi lokha. Inali ndege yakalekale ya injini imodzi ndi mipando iwiri yotsatana, thupi lake la mapaipi ndi nsalu basi. Poiliza ankachita kupukusa pulopela ndi manja. Za liwiro tisanamizane: mphepo ikakhala yakutsogolo, mabasi ankaipitirira pansi, okwera akuibayibitsa. Koma inkanyamuka pabwalo la mpira, n'kukatera pomwe ndege zazikulu sizikanayerekeza n'komwe. Bambowo anaiyendetsa zaka makumi atatu, kunyamula odwala ndi makalata, ndipo eni ake ataitaya iwo anaikokera kunyumba.

Kusoka phiko ndi ntchito ya anthu awiri. Singano yake ndi yaitali ngati mkono; wina amabaya mbali ino, mnzake amalandira kuseri n'kubweza. Kuseriko kunali kwa amayi. Nkhani zonse za banjali, za sukulu za ana, za maukwati, ngakhale mikangano, zinkakambidwa pamenepo, nsalu ili pakati, osaonana nkhope. Ana anakula akumva mawu amodzimodzi: "Wakuseriwe, wagona? Bweza singano!"

"Bambo," anatero mwana wamkulu, mwamuna wa jekete amene sankakonda kubwereza mawu, "a kusukulu ya zaumisiri abwera Loweruka kudzaitenga ndegeyi. Inu tipitira limodzi kwathu. Chipinda takonza kale."

"Wawauza ndani kuti ndikuipereka?"

"Ndine. Maso anuwa atha, bambo. Dzulo mwathira mchere mu tiyi."

"Anali tiyi wanga."

Mlongo wake, chitsirizira m'banjamo, anaseka mwangozi, kenako misozi inalengeza. Bambo sanatembenuke.

"Zouluka sindikunena ine, zimenezo zinapita," anatero. "Tinapangana ndi mayi anu kuti Tombolombo aime ndi mapiko awiri. Likatha phikoli, mudzanditengere kulikonse."

"Mulimaliza bwanji, munthu simukuona ndi pobaya pomwe?" Mwanayo anapumira m'mwamba. Ankawakonda bambo ake, koma chikondi chake chinali chaphuma. "Chabwino. Bayani kamodzi kokha pamalo pake. Mukatha, ndiwaimbira anthu aja kuti asabwere."

"Achimwene, si bwino zimenezo," anatero mlongo wake.

Bambo anayendetsa chala pansalupo pang'onopang'ono, kutsata nthiti ya phiko. Chala chinaima. Singano inalowa mosavuta, pamzere penipeni.

Mwana wamkulu anayandikira, osakhulupirira. Atayang'anitsitsa anaona timabowo ting'onoting'ono tobayidwa kale, tondondozana bwinobwino mpaka kunsonga ya phiko. Pambali pa kabowo kalikonse panali kadontho ka guluu kouma, kongokwanira kuti chala chikamve. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma mlongo wake anamutsina pamkono, n'kumulozera kuseri.

Mwana wamkuluyo anazungulira. Chikhalireni anali asanaimepo kumeneko. Kunali kampando ka amayi, magalasi awo atapachikidwa pamsomali, ndi mpukutu wa ulusi wopaka phula. Singano ija inali itatulukira pansalu, ikudikira. Pamwamba pake panali mawu a pensulo, zilembo zopendekera zimene ankazidziwa kuchokera pamakalata a kusukulu:

"Iwe amene udzaime pano, mabowo ndabaya kale mbali zonse ziwiri. Usawauze. Iwo amati amaona."

Anawerenga kawiri. Ndiye kuti miyezi yonse ija amayi ankati akupita kukasesa m'shedi, akudwala chomwecho, ankadzachita zimenezi. Manyazi anamugwira.

"Wakuseriwe, wagona?" anaitana bambo. "Bweza singano."

Mwanayo anavula jekete, n'kuipachika pamsomali pamodzi ndi magalasi aja. Anakoka singano, ulusi unalira pansalu, napeza kabowo kotsatira n'kubweza. Mbali inayo bambo anamanga mfundo. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, dzanja likuyamba kuzolowera, mpaka anayamba kufulumira monga mwa khalidwe lake.

"Pang'onopang'ono, mwanawe," anatero bambo kuseri kwa nsalu, chala chawo chikusisita kadontho ka guluu. "Mabowo a mayi ako atsala ochepa. Tisawamalize lero."