Tsiku Limene a Nduna Anatsegula Mafoni

Pa wailesi paja onse ankamutcha Chala, chifukwa aliyense woimba foni pa pulogalamu ya masana ankadutsa pa chala chake. Muulutsi ankakhala kuseri kwa galasi n'kumakometsa mawu, koma wosankha amene amveke ndi amene adikire mpaka mayunitsi amuthere anali iyeyo, mayi wamfupi wa pa mabatani. Moni wake kwa woimba aliyense unali umodzi: "Tsitsani wailesi yanu." Munthu akaimba wailesi ikubangula pambali pake, mawu amabwerera mu foni n'kusanduka likhweru lobaya m'makutu, ndipo Chala sankanyengerera woteroyo.

Sabata imeneyo mtima wake sunali pa ntchito. Achimwene ake, mphunzitsi wa kusekondale, anatengedwa ndi apolisi pa zionetsero za aphunzitsi, zionetsero zabata zoti ngakhale mwala sunaponyedwe. Nthawi imene malamulo amalola kusunga munthu asanaonekere kukhoti inali itadutsa kalekale. Alamu ake, akazi a achimwenewo, anazungulira mapolisi onse a mumzinda mpaka nsapato kutha chidendene, ndipo paliponse ankangowauza kuti akayese kwina.

Ndiye atamva kuti a Nduna oona za apolisi akubwera kudzayankha mafunso a omvera, Chala anaimbira alamu akewo m'mamawa.

"Alamu, lero muimbe. Wailesi muzimitse, musalire, musanyoze munthu. Funso likhale limodzi."

"Nanga ntchito yanu, alamu?"

"Ntchitoyo sindinayamwe nayo bere limodzi. Inu imbani."

A Nduna anafika ndi fungo la perefyumu lodzaza khonde lonse, n'kulowa kwa muulutsi. Koma mthandizi wawo, mkulu wa suti yotuwa, sanawatsatire. Anakoka mpando n'kudzakhala pafupi ndi Chala, pamene manambala a oimba amaonekera pa kompyuta.

"Mafoni ndisankha ndine," anatero wa sutiyo. "Ndikaloza, mulowetse. Ndikapanda kuloza, iziitana mpaka itope."

Chala anayang'ana manijala wa wailesiyo, amene anaima pakhomo thukuta lili kamukamu. Manijalayo anawerama n'kumunong'oneza kuti, "Chonde, mayi. Laisensi yathu ili m'manja mwa anthu amenewa. Tili ndi ana tonsefe." Sanali munthu woipa, kungoti mantha anamulowa mpaka m'mafupa.

Nyali yofiira yosonyeza kuti pulogalamu yayamba inayaka. A Nduna anayamba bwino, poti pakamwa analipo. Anati m'dziko muno munthu amalankhula mpaka kukhosi kumuwawe, kuti malamulo aakulu a dziko iwo amagona nawo kumutu, kuti boma loopa anthu ake si boma. Atatero, muulutsi anatsegula mafoni, ndipo mizere yonse inathwanima nthawi imodzi. Nambala ya alamu inali pomwepo, koma chala cha wa suti chinailumpha n'kuloza ina.

"Tsitsani wailesi yanu," anatero Chala.

Woimbayo sanatsitse. Chala akanamudula monga mwa masiku onse, koma wa suti anagogoda pa tebulo, ndiye anamulowetsa. Likhweru linalira moti a Nduna anadzidzimuka pampando. Mkati mwa phokosolo munamveka bambo wonena kuti akuimba kuchokera kumpoto kwenikweni, kuthokoza boma chifukwa cha mtendere wooneka ndi maso. Kumbuyo kwake galu wa mawu osasa ankauwa.

Wachiwiri anati ali kumwera, kumalire. Likhweru lomwe lija, mtendere wooneka ndi maso womwe uja, galu yemwe uja. Apa Chala anazindikira zimene zinachitika. Oimbawo anali anthu a wa suti, amene anawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi kuti asasokoneze mawu amene anawaphunzitsa, ndipo poti aliyense ankafuna kudzimva yekha akulankhula ndi a Nduna, wailesi anaikweza mpaka kumapeto. Wachitatu asanamalize n'komwe moni, dziko lonse linamva wina akumukalipira chapafupi kuti, "Fulumira, upatse mnzako foniyo!"

Muulutsi analephera kudzigwira. "A Nduna, galu ameneyu ali ndi liwiro. Posachedwapa anali kumpoto."

A Nduna anaseka kuseka kopanda mano. Manyazi anawagwira, ndipo munthu wamkulu akachita manyazi amayamba kudzitama. Anayandikira maikolofoni n'kunena kuti, "Kodi dziko lonseli palibe wina woimba? Tilumikizeni ndi aliyense. Ine funso sindiliopa."

Wa suti anali ataimirira, foni yake kukhutu, akutukwanira anthu ake chapansipansi kuti azimitse wailesi. Mizere ina inalipo, ya anthu amene mwina akanangofunsa za maenje a mumsewu. Manijala anaiona nambala imene Chala ankayang'ana ndipo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Chala anachita mantha, asaname wina. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anadina.

Mzere unali woyera, wopanda ngakhale kampweya.

"Zikomo, a Nduna. Ine ndine mkazi wa mphunzitsi amene apolisi anu anamutenga pa zionetsero zija. Kukhoti sanapite naye, kupolisi akuti sakumudziwa. Funso langa ndi limodzi: mwamuna wanga ali kuti?"

"Mayi, pepani kwambiri. Koma nduna singadziwe za munthu aliyense amene ali m'manja mwa apolisi."

"Ndiye funsani, bwana. Ndidikira pa foni pompano."

Wa suti anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu. "Dulani! Ndati dulani!"

"A Nduna anena kuti aliyense," anayankha Chala, manja atapinda pachifuwa. "Kagogodeni pagalasipo muwauze kuti analakwitsa."

Mkuluyo anayang'ana galasi, anayang'ana abwana ake, koma phazi silinasunthe. Mkatimo muulutsi, amene kawirikawiri sankalola mphindi kudutsa osaikapo nthabwala, anakankhira maikolofoni yake pambali. Anawasiya a Nduna okha ndi funsolo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo apa panalibe kolewera, poti anali atangouza dziko lonse kumene amagoneka malamulo.

"Ngati munthuyo ali m'manja mwathu," anatero a Nduna pomaliza, mawu atatsika, "mawa m'mawa aonekera kukhoti. Ndalonjeza."

"Khoti liti, bwana, kuti ndikadikire pakhomo?"

Analitchula. Alamu anathokoza mwaulemu n'kudula okha.

Alendo atapita, manijala anamuitanira Chala mu ofesi. Sanakalipe. Anangoti akapume kaye kunyumba mpaka zinthu zizizire, ndipo onse awiri ankadziwa kuti zinthu zotere sizizizira msanga. Chala anasiya makiyi a situdiyo pa tebulo, anatenga kapu yake ya tiyi ndi juzi imene inkakhala pampando, n'kutuluka mutu uli m'mwamba.

M'mawa mwake iye ndi alamu anafika kukhoti chitseko chisanatsegulidwe, n'kupeza kuti sali okha. Pakhonde panali amayi ena, nkhalamba ya ndodo, mtsikana wobereka mwana, onse abale a aphunzitsi osowa, onse atamva dzina la khotilo pa wailesi. Galimoto ya apolisi itafika, sanatsike munthu mmodzi. Anatsika mzere wonse, ndevu zitamera, malaya ali bii, aliyense atagwira thalauza ndi dzanja poti malamba anawalanda. Achimwene anali chakumapeto.

Majisitireti anafunsa woimira boma kuti anthuwa anawasunga kuti nthawi yonseyi, ndiponso ndi lamulo liti. Woimira bomayo anatembenuza mapepala, anawatembenuzanso, kenako anapempha tsiku lina. Majisitireti anamupatsa tsikulo, koma anthuwo anawatulutsa pa belo, kuti akadikire mlandu wawo kunyumba.

Mu minibasi achimwene anakhala pakati, akazi awo mbali ino, Chala mbali inayo. Ankanunkha chitokosi moti kondakitala anatsegula zenera.

"Achemwali, akuti ntchito yakutherani chifukwa cha ine?"

"Mawailesi ndi ambiri, achimwene. Inu ndinu amodzi."

Achimwene anafuna kuyankha, koma tulo tinawapeza mawu ali m'kamwa. Mutu wawo unagwera pa phewa la mlongo wawo, wolemera ngati mwala. Phewalo linachita dzanzi asanafike n'komwe pakati pa ulendo, koma Chala sanalisunthe mpaka pa siteji ya kwawo.