Khala la Moto pa Phale

"Odi kuno! Ndadzapala moto, eni khomo."

Laurinda anali atagwada m'khitchini yake yaudzu, akuuzira zitsononkho zonyowa ndi mame, maso ali psuu ndi utsi. Atadzutsa mutu anaona Cacilda, mkazi watsopano wa bambo ake, ataima pakhomo ndi phale m'manja, akunjenjemera ndi chisanu cha mwezi wa Juni.

"Ii, adona! Mwasokera kodi? Eni ake moto wa m'botija adzapale moto kwa ife a maso ofiira?"

"Musandiseke, make Jorge. Bambo anu apita ndi machesi m'thumba ku msika wa Tsangano."

Mbaula ya gasiyo, pamodzi ndi botija, chithini chachitsulo chosungira gasi, inafika Loweruka pa njinga yamoto, bambo ake, a Clemente, atagulitsa kachewere wawo yense. Mudzi wonse unakaona. Laurinda yekha ndiye sanapondeko.

Mayi ake, a Elisa, anaphika pa mafuwa zaka zoposa makumi atatu, kuyambira pa msasa wa othawa nkhondo ku Malawi mpaka kubwerera kuno. Chaka chatha chifuwa chinawatenga, ndipo achipatala anati utsi unali utawadya mapapo. Iwo sanapemphepo zazikulu. Ankangofuna kazenera pa khoma la khitchini, koma a Clemente ankayankha kuti chaka chamawa. Tsono mkazi watsopanoyu, miyezi inayi yokha pa banja, amugulira moto wopanda utsi.

Lamulungu a Clemente anabwera kudzamupempha. "Mwana wanga, iwe unagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Tete. Kamuonetse mnzakoyu kayatsidwe kake."

"Walira mvula walira matope, bambo. Mwagula nokha, phunzitsani nokha."

Masiku onsewa ankayatsa ndi a Clemente, monyadira, mkazi wawo akungotereka mapoto. Lero ndiye linali tsiku loyamba Cacilda kutsala nayo yekha.

Laurinda anafukula phulusa ndi kamtengo. Manja a Cacilda anali osalala, opanda chipsera ndi chimodzi chomwe.

"Ndipatseni khala lalikulu, lisazime panjira," anatero Cacilda. "Mbaula ija ndaitsegula kale, ikungolira kuti siii, kudikira moto. Ndatsekanso chitseko ndi zenera kuti mphepo isaulutse gasi wa eni."

Kamtengo kanaima m'phulusa. Laurinda anamva mawu onsewo, limodzilimodzi. Kenako anasankha khala lofiira bwino, naliika pa phale.

"Yendani bwino, adona."

Anatuluka naima pakhomo. Pakati pa nyumba ziwirizo panali mizere ya nyemba, kenako nkhokwe, kenako khonde la bambo ake. Cacilda ankayenda mowerama, dzanja limodzi litatchinga phale, akuuzira pang'onopang'ono.

"Angowauka nsidze basi," Laurinda anadziuza. "Adziwe kuti moto umawotcha ngakhale okondedwa."

Cacilda anadutsa mizere ya nyemba.

Koma Laurinda ankadziwa kuti akudzinamiza. Ku Tete kuja, nyumba yoyandikana ndi ya abwana ake inaphulikapo ndi gasi m'mawa wina. Malata anakagwera mumsewu. Mtsikana wantchito anamutulutsa atamukulunga m'nsalu yonyowa, khungu la manja likulendewera ngati masamba a nthochi ofota, ndipo sankalira n'komwe.

Cacilda anafika pa nkhokwe.

"Cacilda! Ima pomwepo!"

Laurinda anathamanga modumpha mizere, chitenje chikumasuka. Anamupeza phazi limodzi lili kale pakhonde, namumenya dzanja. Phale linagwa n'kusweka. Analiponda khala lija ndi chidendene chosavala kanthu, nalikwirira m'dothi, osamva n'kupsa komwe.

"Mayo! Mwapenga? Ndakulakwirani chiyani ine?"

"Bwerera kunkhokweko. Usayandikire."

Anakoka mpweya, natsegula chitseko. Fungo ngati la kabichi wowola linamumenya kumaso. Analowa atatseka mphuno ndi chitenje, natseka pamutu pa botija, natsekanso pa mbaula. Kulira kuja kunaleka. Anakankha zenera, natuluka akutsokomola.

Anakhala onse awiri pa mwala wa pafupi ndi nkhokwe. Mphepo yochokera kumapiri inkalowa pakhomo n'kutulukira pazenera.

"Tidikire," anatero Laurinda. "Gasi ndi wolemera, amakhala pansi ngati madzi. Fungo likadalipo, m'nyumbamo musalowe moto, ngakhale fodya wa bambo. Ukanalowa ndi khala lija, denga ili tikanakalitola kudimba."

Cacilda anayang'ana nyumbayo, nayang'ana zidutswa za phale.

"Ndipo si nkhuni izi, zoti uyale kaye moto ubwere pambuyo. Machesi ayambe kuyaka m'dzanja, kenako utsegule. Ukamaliza tseka ku botija. Safunsa anadya phula."

"Ndinafunsa," anayankha Cacilda motsitsa mawu. "Ndinatuma bambo anu."

Laurinda anawerama kuona chidendene chake. Chithuza chinali chitayamba kutukuka.

Nkhuku inabwera kudzajompha pomwe panagwera phale.

"Make Jorge, pomwe ndimanena kuti ndatsegula kale muja, munamva?"

Laurinda akanatha kunena kuti utsi unamusokoneza. Akanatha kunena kuti zinamubwerera mochedwa.

"Ndinamva."

Cacilda anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire, sanatukwane. Anadzuka, nakathyola tsamba la khonje kuseri kwa bafa, nalifinyira pa chithuza chija, atagwira phazi la Laurinda pa ntchafu pake.

"Bambo anu sindiwauza," anatero. "Ataya kale mkazi mmodzi, asatayenso mwana."

Masana a tsikulo Laurinda anabwereka machesi kwa aphunzitsi, namuyatsitsa Cacilda kasanu mpaka atazolowera. A Clemente pobwera anawapeza ali limodzi pa mbaula, ndipo anasangalala kwambiri, nawagawira mabanzi amene anagula ku msika.

Kuyambira pamenepo awiriwo ankapatsana moni bwinobwino, ku tchalitchi n'kukhala pa benchi imodzi. Koma Cacilda akasowa mchere kapena sefa, ankadutsa pakhomo pa Laurinda n'kukapempha nyumba yachitatu.