Chidebe cha Ba Winfrida

Motoka ya Lastone inkapita ku Chanyanya mwaulemu, koma pobwerera ku Kafue inkabangula, mafuta n'kumatha ngati thanki yabooka. Iye ankati vuto ndi kulemera kwa nsomba zimene ankanyamulira amalonda, mpaka anafuna kuusiya ulendowo.

Tsiku lina Ba Winfrida, ogulitsa nsomba amene ankakonda kukhala kutsogolo pobwerera ndi chidebe chawo chodzaza nsomba, analoza pa dashibodi.

"Ba Lastone, ka laiti aka kamayaka nikaika chabe chidebe apa."

Chidebecho chinkakanikiza batani la spoti pafupi ndi giya, lija lopatsa injini ukali ndi ludzu. Lastone analibweza pa eko, posawononga mafuta paja, motoka n'kufatsa.

"Zikomo, amai, mwanipulumutsa!"

Mpaka lero mpando wakutsogolo ndi wa Ba Winfrida. Chidebe ndicho chinathamangitsidwira ku buti.