Impso ya a Chigamba

A Chigamba ankayang'ana munthu kumapazi kaye, nkhope pambuyo. Ukalowa m'kashopu kawo ka pansi pa masitepe, pakati pa sitolo ya mafoni ndi ya mankhwala, moni wako ankayankhira nsapato zako. Ankadziwa wokoka mwendo, wopondera kumbali, ngakhale wobwereka nsapato za mkulu wake. Dzinali linachokera ku ntchito yawo yosoka nsapato, ndipo linawakanirira moti akazi awo omwe ankawaitana choncho akapsa mtima.

Malamulo anali nawo ambiri. Ena ankasintha malinga ndi mmene adzukira, koma limodzi silinkagwedezeka: chikopa cha nkhumba sichinkagona m'shopu mwawo. Kumapemphero kwawo nkhumba sadya, sakhudza, ndipo a Chigamba anayamwira zimenezi kubere. Ankapendeka nsapato cha kowala, akaona timabowo titatutitatu pachikopa cha m'kati, chizindikiro cha chikopa cha nkhumba, ankaibweza ataigwira ndi nyuzipepala. "Pitani nayo kutsogoloku," ankatero, ngati kutsogoloko kuli wina wodziwa kusoka.

Ndiye taonani zochita za moyo. Impso za bambo ameneyu zinafa zonse ziwiri. Zinayamba ndi kutupa mapazi, wosoka nsapato mpaka kusowa nsapato yomukwana. Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa pamakina otsuka magazi. Madzi akumwa ankachita kuwayezera m'kakapu, ndipo mkodzo anaiwala kuti umatuluka bwanji.

Tsiku lina adokotala a impso, mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira, anawakhazika pansi.

"Bambo, mitsempha yanu yatopa, pobaya payamba kusowa. Njira zilipo ziwiri. Mwana wanu tamuyeza, impso yake ikugwirizana nanu. Njira inayo ndi kafukufuku amene tikuchita kuno, woika impso ya nkhumba mwa munthu."

A Chigamba anayang'ana nsapato za adokotala kuti aone ngati ali munthu wanthabwala. Zinali nsapato za munthu wosaseka.

"Si nkhumba za m'khola," anapitiriza adokotala. "Zimabadwira m'nyumba zaukhondo kuposa chipinda chino, ndipo anazisintha chibadwa kuti thupi la munthu lisaone impsoyo ngati mdani."

"Ngakhale muisambitse ndi sopo wonunkhira, mayi, nkhumba ndi nkhumba."

Mwana woyezedwayo anali wachisamba wawo, dalaivala wa basi, mkazi amene mawu ake ankafika mpando wakumbuyo popanda chimkuzamawu. Iye sanafune zokambirana.

"Nkhani yatha, bambo. Ndili nazo ziwiri, imodzi imangodya zaulere."

Aliyense anayamikira. Kumapemphero anati uyu ndiye mwana, achibale anati mwalera. A Chigamba anamva mtima kukhala pansi, poti impso ya mwana wawo inali yoyera pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Amene sanayamikire kapena kutsutsa anali mkamwini, mwamuna wa dalaivalayo, mnyamata wowotcherera zitsulo, wofatsa ngati alibe m'kamwa. Ndiye ankawanyamula pagalimoto kupita nawo kumakina, ndipo masiku amenewo ankayendetsa ali duu.

Akazi awo ndiwo anawatsina khutu, akupinda zovala, maso ali kumbali.

"Anawa akhala akufuna mwana kalekale, mukudziwa. Tsopano auzidwa kuti ayambe adikira, ndipo pathupi pa munthu wa impso imodzi pamafuna kusamala kwambiri."

A Chigamba anakweza wailesi. Zina munthu amazimva bwinobwino n'kusankha kukhala gonthi.

Patapita masiku, mkamwini atakhala pabenchi ya m'shopu kudikira apongozi ake, kunalowa mtsikana ndi nsapato zofiira za kuukwati. Lamba wa imodzi anali ataduka.

"Chikopa cha mtundu umenewu ndilibe," anatero a Chigamba.

"Ndiye mungodulako ku inzakeyi, lamba wake ndi wamtali."

Apa mtsikanayo anaponda pomwe a Chigamba ankakonda. Anavula magalasi, n'kuyamba ulaliki umene makasitomala akale ankautha pamtima.

"Mwana iwe, nsapato yabwino sadula. Ukadula yabwino kuti ukonze yong'ambika, ubwerera kunyumba ndi nsapato ziwiri zodwala. Yong'ambikayo timaipezera chigamba kwina, ngakhale chisafanane mtundu. Bola uyende."

Anatembenuka kuti mkamwini awavomereze, monga ankachitira nthawi zonse. Mkamwini sanagwedeze mutu. Ankayang'ana pansi, akutembenuza makiyi m'manja. Mtsikana uja anayang'ana uku ndi uku, kuganiza kuti mwina walakwa kulankhula.

"Tiyeni, bambo, tichedwa," anatero mkamwini.

Tsiku limenelo pamakina a Chigamba sanagone monga ankachitira. Magazi ankatuluka, kuzungulira m'timapaipi n'kubwerera, mawu awo omwe akuzungulira nawo limodzi. Anachita manyazi kwambiri. Nsapato ya mlendo ankaimvera chisoni, koma mwana wobereka okha anavomera kuti adulidwe, iwo n'kumalandira mayamiko.

M'mawa mwake anapita kwa aphunzitsi a kumapemphero, nkhalamba imene ankaisokera nsapato kuyambira ili ndi tsitsi lakuda. Anaipeza ikuthirira maluwa a m'zitini pakhonde.

"Buku likuti usadye," anatero aphunzitsi atamva zonse. "Kudya simudya. Likutinso usakhudze, ndipo apo ndisakunamizeni, mudzaikhudza usana ndi usiku. Koma Buku lomwelo limalemekeza moyo wa munthu kuposa zambiri. Akuluakulu ena akuti n'zololedwa ngati palibe njira ina. Ena akukana."

"Njira ina ilipo. Ndi mwana wanga."

Aphunzitsi anaika chitini cha madzi pansi.

"Pamenepo ndiye pandikulira, achimwene. Zimenezi sitinaphunzire, ndipo sindikufuna kuikira Mulungu mawu m'kamwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Changa n'chimodzi: mukabwera nayo impsoyo, malo anu pafupi ndi ine mudzawapeza. Mukadzatsogola, ndidzakusambitsani ndi manja angawa."

Kwa adokotala a Chigamba anafunsa mafunso ngati wapolisi, ndipo mayi uja sanawapake mafuta.

"Ya mwana wanu ndiyo yodalirika. Ya nkhumba ikhoza kugwira miyezi, mwina zaka, sitikudziwa, n'chifukwa chake timati kafukufuku. Thupi likaikana tidzaichotsa, mudzabwerera pamakina. Tizidzakuyezani magazi moyo wanu wonse, kuopa matenda ochokera ku nyama. Mukafuna kusintha maganizo, palibe adzakukakamizeni."

"Nanga nkhumbayo?"

"Imagonekedwa tulo, ululu siimva. Koma sidzukanso."

Izi zinawakhudza mosayembekezera. Moyo wawo wonse ananyansidwa ndi nyama imene sinawalakwire kanthu, lero inali kukafera munthu amene chikopa chake ankachigwira ndi nyuzipepala. Kenako anati, "Ndilembeni."

Dalaivala atamva, anabwera kushopu ali mu yunifolomu, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, mwandikana ine n'kusankha nkhumba? Yanga ili ndi chiyani? Mukufuna mukafe pa zoyeserera, anthu azidzati mwana analipo koma anaumira?"

Apa pankafunika mawu okoma, koma a Chigamba mawu okoma ankawasungira nsapato. Mumtima ankati ndiwe mwana wanga, sindingakudule. Pakamwa panatuluka zina.

"Iwe, pita ukayendetse basi."

Dalaivala anamenyetsa chitseko mpaka misomali inagwa pashelefu. Akazi awo atamva anangoti, "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wouma mutu, n'kumuberekera mnzake." Iwonso nkhaniyi inawasowetsa mtendere, moti anasala kudya n'kupemphera. Atamaliza, analongedza chikwama cha kuchipatala.

"Koma mukayamba kulira ngati nkhumba, ndisamukira pabalaza," anatero akukankhira thaulo m'chikwama.

"Simudzasiyanitsa. Paja mumati mkonono wanga ndi wotani?"

Opaleshoni inachitika. A Chigamba atatsitsimuka anapeza anthu atazungulira bedi, koma palibe amene ankayang'ana iwo. Onse maso anali pa kathumba kolendewera m'mbali, mmene munkadontha madzi achikasu, dontho ndi dontho. Akazi awo ankalira, mkamwini ankaomba m'manja pang'onopang'ono. Anthu akuluakulu, olemekezeka, kusangalalira mkodzo. Dalaivala anaima pakhomo atapinda manja, anayang'ana kathumbako nthawi yaitali, n'kutuluka. Atawalola kumwa, a Chigamba anapempha madzi odzaza kapu, n'kumwa onse mpaka kupendeka kapuyo.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Pakati pake thupi linatentha, linayamba kulimbana ndi mlendo uja, ndipo anagonekedwanso m'chipatala mitima ili m'mwamba. Adokotala anasintha mankhwala, impso inapirira. Atabwerera kumapemphero, atavala kansalu kotchinga pakamwa, ena anasendera kutali, ndipo mkulu wina amene ankaseka naye anabisa dzanja m'thumba. Zinawawa, tisanamizane. Koma aphunzitsi anasisita malo a pambali pawo n'kunena mokweza kuti, "Achimwene, mwachedwa." Popemphera a Chigamba ankathokoza chifukwa cha adokotala, kenako motsitsa mawu ankatchulanso nyama ija.

Chimene chinkawadya chinali mwana wawo. Dalaivala ankaimbira foni amayi ake kufunsa ngati bambo amwa mankhwala, koma kubwera ayi. Ankati m'basi anthu amatsokomola, angawatengere matenda. Zinali zoona, koma a Chigamba ankadziwa kuti si zokhazo. Miyezi inadutsa, mvula inabwera n'kupita. Iwo ananenepa, anayambanso kukangana ndi makasitomala, koma nthawi zina ankagwira nyundo n'kuiwala chimene amafuna kukhoma.

Tsiku lina masana, ali chowerama kusoka, pakhomo panaima mapazi. Anawadziwa asanaone nsapato, poti mapazi amenewo anawayeza ndi chikhatho ali akhanda. Anali otupa. Malamba anali atalowa m'mnofu, akakolo osaoneka.

Singano inagwa. A Chigamba anagwada pasimenti, n'kudina chala pakakolo monga adokotala ankawachitira iwo, ndipo panatsala kadzenje. Matenda aja anayamba chonchi, ndipo tsopano alumphira mwana.

"Zayamba liti? Mkodzo ukutuluka bwino? Mwamuna wako ali kuti, atitengere kuchipatala pompano."

"Kuchipatala ndachokako, bambo. Andiyeza, impso zonse ziwiri zikugwira bwino."

"Nanga kutupaku? Usandibisire, ine zimenezi ndimazidziwa."

"Bambo," anatero dalaivala, mawu ake aakulu aja atachepa ngati a kamwana, "nthawi zina muzikweza maso."

Anakweza. Yunifolomu inali itasiya kutsekeka kutsogolo, mabatani a pamimba atamasulidwa, m'kati muli malaya aakulu a mwamuna wake. A Chigamba anangokhala pansi pomwepo, pakati pa zidutswa za zikopa, kukamwa kuli yasa. Ndiye kuti akazi awo ankadziwa, n'chifukwa chake ankangomwetulira pafoni. Anafuna kukalipa, koma misozi inawatsogolera.

Dalaivala anakhala pabenchi mosamala, atagwira msana.

"Musaganize kuti ndasiya kukwiya. Ya nkhumbayo ikadzatopa, yanga ikadalipo, ndipo ulendo umenewo simudzandithamangitsa."

"Tidzakangana nthawi yake ikadzakwana," anatero a Chigamba akupukuta m'maso ndi nsalu ya polishi, n'kudzipaka zakuda patsaya. "Wabwerera chiyani?"

"Mundikulitsire nsapatozi. Zikundiluma."

Anamuvula okha, imodzi kenako inzake. Mwachizolowezi anapendeka nsapatoyo cha kowala, ndipo m'katimo munali timabowo titatutitatu. Nyuzipepala inali pomwepo pashelefu, pofikira dzanja. A Chigamba anasisita chikopacho ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kenako anakoka bokosi la zida ndi phazi.

"Ika miyendo pampandopo," anatero. "Zonse ziwiri ndikukonzera, usapite."