Timatumba Tosasita

Ntchito ya m'nyumba ija inali ya anthu awiri. Mayi ankadula nsalu yokhuthala, kusoka timatumba tonga zisoti zogadama, n'kulumikiza zingwe zoti mphika wa maluwa uzilendewera pakhonde kapena pawindo. Bambo ankatenga timatumbato n'kujambulapo ndi penti: mbalame, masamba, mwina nsomba akadzuka bwino. Anthu a mumsewumo ankangowatcha Atelala ndi Apenti, moti maina awo enieni ngakhale adzukulu ankachita kufunsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzanja la Apenti linayamba kunjenjemera, poyamba pogwira kapu, kenako pomanga mabatani a shati. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ndi mawu okoma, koma dzanja silinamve. Mbalame zawo zinayamba kutuluka ndi milomo iwiri, miyendo yokhota, maso pakhosi. Iwo eni ake ankaona, sanali akhungu, koma ankazisandutsa nthabwala.

"Zikuuluka izi, mayi. Mbalame youluka ndani anaionapo bwinobwino?"

Atelala ankaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa pakamwa pokha. Ankadziwa kuti amuna awowa chatsala ndi burashi basi. Njinga anasiya, kumeta ankawameta ndi mwana wawo, ngakhale kuthira madzi m'kapu ankachita kuthiriridwa. Tsiku loti burashiyo yagwa, munthuyo akhala wongodikira chakudya.

Amene ankagula timatumba tonse anali mayi wina wogulitsa maluwa pafupi ndi siteji ya basi, munthu wabwino ndithu koma wosadziwa kukulunga mawu. Tsiku lina anatambasula kathumba kamodzi patebulo, kukayang'ana mbali iyi, kukatembenuza.

"Amayi, musandione kuipa. Izi anthu akuzibweza. Wina dzulo anandifunsa ngati mwana ndiye anaseweretsa penti."

"Ndi matenda, achemwali. Mukuwadziwa bambo aja mmene ankajambulira."

"Ndikuwadziwa, ndiye zikundiwawa. Koma makasitomala sagula mbiri. Muzingobweretsa tosajambula, toyera chabe, tikuyenda bwino."

Atelala anabwerera akukoka miyendo. Atafika pakhomo anapeza Apenti atatsuka maburashi onse, atawayanika pampanda motsatana, wamkulu mpaka wamng'ono.

"Zayenda bwanji? Nkhunda zija azikonda?"

"Azikonda," anatero Atelala, n'kulowa m'nyumba msanga.

Bodza limodzi limenelo linawabalira ntchito iwiri. Anayamba kusoka timatumba ta kwa wogulitsa maluwa, n'kusokanso tina toti bambo azijambula. Popita kukapereka ankaika toyera pansi pa chikwama, tojambula pamwamba, n'kudzera kwa mng'ono wawo kukasiya tojambulato. Mng'onoyo ankangotiunjika m'katoni kuseri kwa chitseko.

"Koma akulu, mpaka liti? Katoni yadzaza iyi. Alamu ndi munthu wamkulu, auzeni."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti apinde manja adikire bokosi?"

Msana wa Atelala unayamba kuwawa, maso kuchita chidima pa singano. Munthu akatopa amayang'ana choti asiye, ndipo Atelala anasiya kusita. Penti wa pansalu akauma amafunika simbi yotentha kuti agwire. Popanda kutero, madzi akangomukhudza amasuluka. Chiyambireni ntchitoyi kusita kunali kwa Atelala, ndipo sanadumphepo kathumba n'kamodzi komwe. Koma tsopano kusitiranji zinthu zokagona m'katoni?

M'mawa wina Atelala analongedza chikwama, kuchiika pakhomo, n'kupita kwa neba kukabwereka ulusi wobiriwira. Apenti anali ndi duwa lawo la masamba otsetsereka, limene linkakhala pansi m'chitini, ndipo sabata imeneyo anajambula timba amene kwa iwo anatuluka bwino kuposa onse. Anati ameneyu yekha asagulitsidwe. Anatsegula chikwama, kutulutsa kathumbako, kuikamo chitini, n'kukoleka pa msomali wa pakhonde atalimbana nawo kwa kanthawi. Kenako anathirira, madzi ena m'chitini, ambiri pambali, monga mwa dzanja lawo.

Atelala pobwera anapeza amuna awo ataima chilili. Timba uja anali akusungunuka. Penti wabuluu ankachucha m'mbali mwa kathumba, kudontha pansi, kusiya mizere pakhoma. Chikwama chinali chotsegula, timatumba toyera titamwazika pamkeka.

Apenti sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Simunasite."

"Ndinaiwala, bambo."

"Inu? Mumaiwala makiyi, mumaiwala tsiku limene tinakwatirana, koma simbi simunaiwalepo." Analoza toyera tija ndi dzanja lawo losakhazikika. "Nanga iti?"

Atelala anawerama n'kuyamba kutola timatumbato.

"Zanga zimapita kuti?" anafunsanso Apenti.

"Kwa mng'ono wanga."

"Amagulitsa?"

"Amasunga."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira nkhunda zija."

Apenti anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakhala pa mpando wawo wa ntchito, pakati pa timabotolo ta penti, akuyang'ana zala zawo ngati za mlendo. Miyezi yonseyi anali akudzuka m'mamawa, kusakaniza mitundu, kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti likhazikike, kutuluka thukuta pa nthenga imodzi, akumati akuthandiza pakhomo. Chonsecho ankangowonongetsa nsalu ndi kuthyola msana wa mkazi wawo. Manyazi anawagwira, aakulu kuposa matenda aja.

"Ndiye mumasoka kawiri," anatero.

"Si ntchito yambiri."

"Musandinamizenso, mayi. Zakwana."

Atelala anagwada pambali pawo, misozi ili m'masaya. Anafotokoza zonse, za wogulitsa maluwa, za katoni, za mantha awo. Analonjeza kuti ayambiranso kusita, apeza kogulitsa kwina, anthu okonda zachilendo alipo. Apenti ankamvetsera ngati nkhani ya munthu wina. Atamaliza kumva, anayamba kutseka timabotolo, kamodzikamodzi, zivindikiro zikuwapulumuka, ndipo Atelala atati awathandize anakana.

Tsikulo Atelala sanapite kukapereka katundu. Masana anakhala pa makina osokera, poti ntchito siidziwa kuti pakhomo pagwa zotani. Makina analira, kathumba koyera kanagwa pansi, kenako kena. Apenti anakoka mpando mpaka pafupi, n'kutola kamodzi. M'mphepete munali tiulusi totsalira tolendewera, timene nthawi zonse timadulidwa pomaliza.

"Palibe kanthu," anatero ndi mawu ofewa, ngati akupepesa. "Kujambula kwatha, ndavomera. Koma munthu sangangokhala. Tiulusi iti ndizidula ndine. Ndipatseni sizasi."

Sizasi inali pomwepo, pambali pa makina, yakuthwa, yonoledwa kumene. Atelala anaigwira. Anayang'ana nsonga yake, anayang'ana nsalu yoyera imene inali kuyembekezeredwa kwa wogulitsa maluwa, anayang'ana dzanja limene linatambasulidwa patsogolo pawo likugwedezeka lokha. Sanakane. Anangochedwa pang'ono, kanthawi kongokwanira kupuma kamodzi.

Apenti anakaona kanthawiko. Anabweza dzanja lawo, kuliika pamwendo, n'kuliphimba ndi linzake.

"Basi, isiyeni," anatero. "Sokani, mayi, kukuda."