Waya wa Kuseri kwa Katani

Mlendo wina analowa m'shopu ya telala osaodira, osanena chimene wabwerera. Anangokhala pa benchi ya makasitomala, jekete yake ikudontha madzi a mvula. M'manja munalibe nsalu, munalibe ngakhale buluku long'ambika.

Mwana wa atelala, amene anthu ankamutcha kale kuti Nesi chikhalirecho sukulu ya unamwino anali asanaiponde, analibe nthawi yomuyang'ana kawiri. Masana omwewo aphunzitsi a kusukuluko amayenera kumufunsa mafunso pa intaneti, ndipo ananeneratu kuti wosaoneka pa nthawi yake, malo ake atenga wina. Laputopu inali pa tebulo lodulirapo nsalu, waya wabuluu atalowa m'mbali mwake, koma pakona pa sikirini panali kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti intaneti palibe. Shopuyo inali mkati mwenimweni mwa nyumba ya zipinda zambiri, momwe foni sigwira netiweki, ndipo wayifayi ya laputopuyo inafa kalekale. Njira inali wayayo basi.

Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Anazula waya, kuuzira pakabowo, kumulowetsanso mpaka kumveka kuti thwa. Anakwera pampando n'kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta, kabokosi ka intaneti kamene kanali pamwamba pa shelefu. Kachizindikiro kaja sikanasunthe. Bambo ake, tepi yoyezera ili m'khosi, ankaloza chala mvula, kenako kampani ya intaneti, kenako ana a masiku ano amene amadina zinthu ngati akusankha nyemba.

“Tinyale tating'ono ta pamene palowa wayapo, tikuyaka?”

Anali mlendo uja. Mawu ake anali otsika, ngati munthu amene wawasunga nthawi yaitali. Nesi anasuzumira. Tinali tozima.

Mlendoyo anaimirira n'kuyang'ana rauta. Anati nyale zake zonse zikuyaka bwino kupatula ya wayayo, ndiye kampani ilibe mlandu, laputopu nayo mwina ilibe. Atelala anali atagwira kale sizasi yaikulu. Anamvapo za akuba obwera ngati othandiza, ndipo khomo linali pafupi ndi tebulo.

“Bambo inu, sindikukudziwani. Makina a mwana wangawa musawakhudze.”

“Sindikhudza,” anayankha, n'kupinda manja kumbuyo.

Nesi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali itatsala pang'ono, yosakwana n'kusita malaya. Anawapempha bambo ake ndi maso okha. Ndipo apa m'pamene anaona chinthu chachilendo: munthuyo sankayang'ana laputopu, sankayang'ananso iye, ngakhale mtima wake wopusa ukanakonda kutero. Ankayang'ana manja a atelala.

Manja ali kumbuyo choncho, mlendoyo anatsata waya ndi maso: kutsika patebulo, kudutsa kuseri kwa makina osokera, mpaka pamene anasowera m'katani ya kachipinda koyesera zovala. Anapempha Nesi kuti atembenuze mpendero wa kataniyo.

Waya anali atagonekedwa m'mpenderomo mwaluso, mapini atandandalika mzere wowongoka, iliyonse itaboola pakati penipeni pa waya.

“Ababa!”

Atelala anakhosomola. Anati m'mawa mayi wina anapunthwa pa chingwecho n'kutsala pang'ono kugwera pa ayironi, ndiye iwo anangochikonza monga akonzera china chilichonse cholendewera. Kodi akanadziwa bwanji kuti intaneti imaopa pini? Palibe anaseka. Nesi anazula mapini onse, koma tinyale tija sitinayake. Mlendo anati timawaya ta mkati taduka, ameneyo wapita.

Anafunsa ngati m'bokosi la rauta munalibe waya wina wamfupi. Atelala anayang'ana kudenga, n'kukumbukira kuti kachingwe kachikasu kolimba bwino anamangira mpukutu wa nsalu ya laining'i, yosokera mkati mwa zovala. Nesi anagwada pansi pa tebulo, kugubuduza mipukutu, fumbi lili mbuu, mpaka anakapeza. Mfundo ya telala si yomasula ndi zala. Bambo ake anabwera ndi sizasi.

“Musadule!” Nesi ndi mlendo ananenera pamodzi.

Atelala anaika sizasi pansi, n'kumasula mfundoyo ndi nsonga ya singano, pang'onopang'ono.

Wayayo anali wamfupi, sakanafika patebulo. Anakokera tebulo lositirapo pansi pa shelefu, n'kusanjikiza mabuku a masitayilo mpaka laputopu inafika. Nesi ankayenera kuyankha mafunso ali chiimire, kumbuyo kwake kuli chidole chopanda mutu chovala diresi laukwati. Analowetsa waya. Kanyale kamodzi kanayaka, kenako kanzake kanayamba kuphethira. Chofiira chija chinachoka.

Anadina, kupukuta nkhope ndi chidutswa cha nsalu, ndipo pa sikirini panaoneka mayi wamagalasi akuyang'ana wotchi yake. Mayiyo anati anali atatsala pang'ono kuitana wotsatira, koma poti wafika, ayambe. Nesi anamwetulira.

Funso loyamba analiyankha bwino. Akudikira lachiwiri, anamva bambo ake kumbuyo akunong'ona, mawu atafewa tsopano, kuti munthu wawapulumutsira mwana sangachoke osamudziwa dzina.

Mlendoyo anatembenukira kwa atelala. Nesi anaona nkhope yake pakona ya sikirini, pafupi ndi ya bambo ake, ndipo nkhope ziwirizo zinafanana ngati za bambo ndi mwana wake.

“Ndine Yotamu,” anatero mlendo uja. “Dzinali munanditcha ndinu, ndili khanda.”